Kampani ya bwalo la ndege ilibe ndege

Kuno ku Zomba, munthu akabwerako ku Chileka chikwama chake chitasowa, mumamva akudandaula kuti "a bwalo la ndege andibera". Ena mpaka amaganiza kuti Airport Developments Limited (ADL), kampani ya boma yosamalira bwalo la ndege, ndiyo mwini ndege, ndiyonso imagulitsa matikiti. Ayi ndithu.

Mbiri ya ADL ndi yolumikizana ndi bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, lomwe linatsegulidwa mu 1983. Ntchito yake ndi ya pansi: kusamalira nyumba za pabwalo, kubwereketsa malo a mashopu ndi maofesi, kuyang'anira poimika magalimoto. Zina mwa ndalama zake zimachokera ku lendi.

Ndege ndi za makampani ena. Malawi Airlines, yomwe inalowa m'malo mwa Air Malawi, boma lili ndi magawo 51 pa 100, Ethiopian Airlines 49. Pasipoti amadinda ndi a Immigration, msonkho wa katundu ndi wa MRA. Ndege zimene mumaziona ku Airwing kuno ndi za asilikali, ADL sizikuikhudza.

Tsono chikwama chikasowa, musatuluke m'bwalomo. Pitani pa desiki ya kampani ya ndege imene munakwera, onetsani kakapepala ka nambala kamene anakumatirani pa tikiti, alembe lipoti la katundu wosowa lotchedwa PIR. Kakapepalako ambiri amakataya akangotsika, ndiye kufufuza kumavuta. Chikwama chikafika chitang'ambika, makampani ambiri amafuna madandaulo olembedwa pasanathe masiku 7.