Opita kunyanja Disembala uno: kutsegula m'mimba si "kusintha kwa madzi"

Abale anga a kuno ku Joni, amayi, abambo ndi achinyamata, ndalemba uthengawu chifukwa cha ka voice note kamene kakuzungulira m'magulu athu a WhatsApp, kamene kakuti ukapita kunyanja n'kutsegula m'mimba usade nkhawa, ndi thupi chabe likuzolowera madzi achilendo, komanso akuti umwe kapu ya madzi a m'nyanja ya mchere kuti m'mimba mutsukike. Chonde musakatumize kwa wina aliyense. Ndi bodza, ndipo bodza limeneli lingathe kupha mwana tsiku limodzi lisanathe. Ine ndimagwira ntchito ya zaumoyo m'makomboni muno, ndipo Januwale aliyense timalandira anthu obwera kuholide atafookeratu, ukawafunsa kuti zinayamba liti amati "masiku atatu apitawo, timayesa ndi kusintha kwa madzi."

Ndikudziwa mwagwira ntchito chaka chonse, bonasi yatuluka, chipereganyu chagawidwa, ena mukwera basi pa Park Station kupita ku Durban, ena ulendo wakumudzi kukapumula ku Mangochi, Senga Bay kapena Nkhata Bay. Pitani ndithu, mukadye chambo chanu, mukadye bunny chow. Koma zimene zimadwalitsa munthu kumalo odyera zimadziwika bwino ndipo si zachilendo ayi. Ndi tizilombo tochokera m'chimbudzi cha munthu kapena m'nyama yosapsa, tomwe tafika pa mbale yanu kudzera m'manja osasamba, ntchentche, madzi otsukira ziwiya kapena ayezi wa m'chakumwa. Nkhuku ndi mazira osapsa bwino zimanyamula tizilombo ta salmonella, mpunga wophikidwa m'mawa n'kukhala pa kauntala tsiku lonse umabala poizoni amene ngakhale autenthetsenso satha, nkhanu ndi nkhono za m'nyanja zosaphika zimasunga zonyansa za m'madzi momwe zakulira. Tayifodi imadzaonekera patapita sabata imodzi mpaka atatu, matenda a chiwindi a hepatitis A nawo patapita masabata awiri kapena kuposa, mutaiwala kale kuti munadya kuti. Ndiye pali kolera, amene amayamba pakati pa maola 12 ndi masiku 5 munthu atamwa kapena kudya zoipitsidwa.

Pa zonsezi palibe paliponse pomwe madzi "akusintha" thupi. Pali kachilombo kalowa basi.

Tisaiwale msanga abale. Kolera amene anayamba ku Machinga mu Malichi 2022 anadwalitsa anthu oposa 50,000 kwathu ndipo oposa 1,700 anamwalira, maboma a m'mbali mwa nyanja ngati Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay anavutika kwambiri, ambiri a ife tinasonkha ndalama za maliro tili konkuno. Mu Febuluwale 2023 odwala oyamba kupezeka ndi kolera muno mu Gauteng anali azimayi awiri apachibale omwe anabwera pa basi kuchokera ku maliro ku Malawi, sindikunena izi kuti tichite manyazi ayi, ndikunena kuti matendawa amakwera nafe basi yomweyo ndipo amadutsa nafe pa Beitbridge. Mu Meyi chaka chomwecho kunabuka kolera wina ku Hammanskraal kumpoto kwa Pretoria, ndipo m'dziko lonse lino anthu oposa 40 anataya miyoyo. Ku Durban nako, madzi osefukira a mu Epulo 2022 anaononga mapaipi ndi malo oyeretsera zonyansa za m'zimbudzi, moti khonsolo ya eThekwini yakhala ikutseka magombe ena nthawi ndi nthawi chifukwa cha kuchuluka kwa E. coli, tizilombo ta m'chimbudzi, m'madzi. Ndiye tangoganizani, madzi omwewo amene boma limaletsa ngakhale kusambiramo, wina akuti mutunge m'chigubu mumwetse mwana amene akutsegula kale m'mimba. Ngakhale atakhala oyera bwanji, mchere wa m'madzi a m'nyanja ndi wochuluka kuposa umene impso zingachotse, umakoka madzi m'thupi n'kuwatulutsa, ndiye munthu amene akutha madzi mukumuthetseratu otsalawo. Za chikhulupiriro cha munthu ine sindilowererapo, ofuna kusamba kapena kuwaza m'nyumba ndi nkhani yawo, koma pakamwa ayi.

Mukalowa mu lesitilanti kapena mukaima pa chiwaya, yang'anani kaye musanaitanitse. Kuno ku South Africa malo aliwonse ogulitsa chakudya amayenera kukhala ndi satifiketi ya ukhondo yotchedwa Certificate of Acceptability yochokera ku khonsolo malinga ndi lamulo la R638 la 2018, ndipo iyenera kupachikidwa poonekera, kuifunsa si mwano. Lowani kuchimbudzi chawo muone ngati kuli madzi ndi sopo, chifukwa wophika wanu amapitanso komweko. Sankhani chakudya chimene chikuchoka pamoto nthunzi ili tolotolo, nsomba aiotche inu mukuona, nkhuku mukaing'amba pafupa pasakhale magazi. Saladi wa kabichi ndi tomato uja amaika pambali pa tchipisi, ngati simukudziwa madzi amene anatsukira, musiyeni. Zipatso gulani zoti musende nokha. Madzi a m'botolo onani kuti chitsekerero chake n'chosatsegulidwa, madzi a m'timapepala ndi ayezi wa m'mbali mwa msewu apewe makamaka ana. Ndipo opita kumudzi, beseni limodzi lija lozungulira tebulo lonse, loti akulu ayambe kusamba ana amalize madzi atada bii, likanizeni mwaulemu, pemphani kuti akuthirireni ndi jagi, ndi sopo. Zotsala zomwe mwapakiritsa musayende nazo m'galimoto lotentha kuchoka ku Durban mpaka ku Harrismith n'kumati tidyera panjira, chakudya chophika chikakhala kunja kwa fuliji kupitirira maola awiri nyengo yotentha ngati ino chitayeni.

Koma ngakhale mutasamala chonchi munthu atha kudwalabe, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga uli. Chimene chimapha si mbale ija kwenikweni, ndi kudikira.

Januwale wapitayu mayi wina anabwera ndi mwana wa zaka ziwiri atamubereka kumbuyo, mutu uli lendee. Anayamba kutsegula ali kugombe, usiku wonse pa basi thewera likungodzadza, anthu m'basimo akumuuza kuti ndi madzi achilendo asiya yekha. Nditamutsitsa, maso anali atalowa m'kati, milomo youma gwa, akulira koma misozi osatuluka. Ndinatsina khungu la pamimba pake n'kulisiya, linangoima chomwecho ngati nsalu yopindidwa, osabwerera. Ndinafunsa kuti wakodza liti, mayi aja anaganiza kaye n'kuti dzulo masana. Mwanayo anapulumuka ndi dripu, koma akanachedwa theka la tsiku lina sindikudziwa tikanakamba zotani. Mayiwo sanali osasamala ayi, anangomvera zimene aliyense amanena.

Ndiye mvetsetsani. Munthu akangoyamba kutsegula, yambani kumumwetsa ORS, madzi a mchere ndi shuga obwezeretsa madzi m'thupi, nthawi yomweyo, musadikire kachitatu kapena kachinayi. Kwathu timaidziwa kuti Thanzi, kuno ili mu famase iliyonse ndi mtengo wochepa, gulani mapaketi angapo muike m'chikwama musananyamuke, pamodzi ndi sopo. Ngati mulibe, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, ikani masupuni ang'onoang'ono 8 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, ndi muyeso umene amaphunzitsa m'makiliniki a kuno. Mchere musapyoze theka limenelo. Mwetsani pang'onopang'ono, akasanza dikirani mphindi 10 n'kupitiriza. Woyamwa apitirize kuyamwa, ndipo mwana musamumane chakudya poganiza kuti m'mimba muuma. Zakumwa zoziziritsa kukhosi si ORS, shuga wake ndi wambiri mchere mulibe. Flagyl wotsala wa mnzanu kapena mapilitsi oimitsa m'mimba ogula pa spaza musapatse mwana, ndipo wamkulu amene akuchita chimbudzi cha magazi kapena thupi latentha asamwenso oimitsa m'mimbawo.

Pitani kuchipatala TSIKU LOMWELO, usiku kapena masana, ngati chimbudzi chili chamadzi okhaokha chotuwa ngati madzi otsukira mpunga, ngati muli magazi, ngati akusanza chilichonse chomwe wamwa, ngati miyendo ikukokana, ngati sakukodza, ngati mwana liwombo lalowa kapena akungogona osafuna kuyamwa. Mayi woyembekezera, agogo, wa shuga, komanso amene ali pa ma ARV, amenewa asayesere n'komwe kudikira kunyumba. Kolera amatha kumaliza munthu wamkulu wamphamvu zake m'maola ochepa, koma akafika msanga ambiri amachira ndi ORS ndi dripu basi.

Ndikudziwanso chinthu china chimene chimatichedwetsa ife obwera, mapepala. Ena amaopa kufunsidwa pasipoti, ena anabwezedwapo pageti kapena kulankhulidwa mawu opweteka, sindikutsutsa kuti zimachitika. Koma Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe thandizo la mwadzidzidzi, silinena kuti nzika zokha. Kutha madzi m'thupi ndi mwadzidzidzi. Tengani mnzanu wodziwa Chizulu kapena Chingerezi akuperekezeni, ORS ali m'manja akumwa m'njira, ndipo mukafika nenani mosabisa kuti mwachokera kuti, munadya chiyani, zinayamba liti, ngati mwachokera kumudzi nenaninso kuti aganizire za malungo ngati thupi latentha. Musamukweze basi ya maola ambiri wodwala kuti tikaonera ku Joni, pitani pa kiliniki ya komweko komwe muli. Kuno ku South Africa ambulansi imbani 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja, sungani manambalawa lero lomwe musanapakire zikwama, ndipo amene anakutumizirani ka voice note kaja mutumizireni uthenga uno.