Mwana akagwiriridwa: musadikire zokambirana, thamangirani kuchipatala

Kwa makolo, aphunzitsi ndi mafumu a m'boma la Dedza.

Mwana amene wagwiriridwa, kenako zithunzi zake kapena mphekesera n'kufala pa WhatsApp ndi Facebook, ali pachiopsezo chachikulu chodzipha. Manyazi, mantha, matenda a nkhawa, kunyozedwa kusukulu, zonsezi zimamuunjikira. Koma chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu aja akuti "tikambirane kaye pachibale, mudzi ungatiseke." Pamene akuluakulu mukudikira amalume kapena bwalo la amfumu, mwana ali yekhayekha ndi foni imene ikumutukwana usiku wonse.

Nthawi ndi yochepa. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Mapiritsi oteteza mimba mwadzidzidzi amagwira bwino akamwedwa msanga. Pakadutsa masiku 5 mwachedwa. Kaya muli ku Lobi, Mayani kapena Mtakataka, pitani kuchipatala chapafupi lero lomwe, kenako ku Victim Support Unit ya polisi. Ngati n'kotheka asasambe kaye. Zovala zake musachape. Zikulungeni m'pepala, osati m'jumbo, chifukwa chinyezi chimawononga umboni. Ngakhale maola 72 atadutsa, mupitebe naye.

Za pafoni: lembani nambala ya wotumiza, dzina la gulu ndi tsiku. Chithunzi chamaliseche cha mwana musachitumize kwa aliyense, ngakhale pofuna kudandaula. Apolisi akachione pafoni pomwepo. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limaletsa kuzunza munthu pa intaneti ndi kufalitsa zolaula za ana, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Ku Canada, chigawo cha Nova Scotia chinakhazikitsa lamulo lolimbana ndi nkhanza za pa intaneti mu 2013, mtsikana wa zaka 17 atataya kale moyo chifukwa cha nkhanza zoterezi. Ife lamulo tili nalo. Kugwiririra si mlandu wothera pa mbuzi kapena chindapusa.

Mwana akasiya kudya, akamadzitsekera, akamakana sukulu, akamagawa zinthu zake kapena kunena kuti "bola ndingofa," musati akungoopseza. Mufunseni mosabisa: "Mwanangu, kodi ukuganiza zodzipha?" Funso limeneli silimuika maganizo oipa, limamutsegula pakamwa. Musamufunse chimene anavala kapena chifukwa chake anapitako. Muuzeni kuti wolakwa si iye. Asagone yekha. Mankhwala opopera mbatatesi ndi tomato, a makoswe ndi mapiritsi atsekereni, kiyi musunge inuyo.

Ngati wamwa china chake, musamusanzitse, musamupatse mkaka. Tengani botolo la chimene wamwacho, muthamangire naye kuchipatala.

Nambala ya foni ya 116, yothandiza ana, ndi yaulere, mwana angathe kuimba yekha. 5600 ndi ya nkhani za nkhanza. Achibale muwauza muli kale panjira.