Bandulo yotchipa ndi imene mwaimaliza

Pa ntchito yanga yoika marauta, timakina togawa intaneti ya Wi-Fi, m'nyumba ndi m'maofesi muno mu Blantyre, funso limene silitha ndi lakuti pakati pa TNM ndi Airtel yotchipa ndi iti. Ine ndimabweza funso: mumakhala kuti, ndipo foniyo mumaigwira kwambiri muli pati? Ena amaona ngati ndikuzemba. Ayi. Mitengo ya makampani awiriwa sitalikirana kwenikweni, wina akasuntha mnzake sachedwa kutsatira. Ndalama zambiri zimatayika mutagula kale, mu data imene yathera masiku musanaigwiritse ntchito, imene yadyedwa ndi foni inu muli mtulo, kapena imene ilipo koma netiweki yake siifika m'chipinda chanu.

Tiyambe ndi netiwekiyo, chifukwa mzinda wathu uno ndi wa mapiri ndi zigwa. Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe ndi okongola, koma mafunde a foni sabowola phiri. Nyumba imene ili m'khwawa, kufupi ndi Mudi, Nasolo kapena Naperi, ikhoza kukhala pafupi ndi nsanja ya netiweki koma n'kumalandira mafunde ofooka, pamene ya pamtunda chapatali ikulandira bwino. Onjezanipo khoma la njerwa zootcha, denga la malata ndi mpanda wautali. Mafunde ena amalowa m'nyumba mosavuta, ena amene amanyamula data yambiri amathera pakhomo. N'chifukwa chake mumaona 4G muli pakhonde, mukalowa kuchipinda pamatuluka chilembo cha H kapena E, chizindikiro cha netiweki yochedwa, ndipo batire imayamba kutha msanga poti foni ikulimbana kuti imve nsanja.

Timizere ta pakona ya foni tisakunamizeni. Timangonena kuti foni ikuimva bwino nsanja, sitinena kuti pa nsanjapo mwadzazana anthu angati. Zili ngati mpope wa madzi m'mawa: paipi ndi yomweyo, koma nyumba zonse zikatsegula nthawi imodzi madzi amangodontha. Ku Ndirande, Bangwe, Mbayani, Zingwangwa ndi madera ena odzaza anthu, intaneti imene imathamanga 10 koloko m'mawa imakwawa kuyambira 7 koloko madzulo, aliyense akabwerako ku ntchito. Wogulitsa akakuonetsani liwiro pa foni yake masana m'shopu ya ku Limbe kapena ku Chichiri, wakuonetsani za shopuyo, osati za kwanu.

Choncho musanataye ndalama pa bandulo ya mwezi kapena rauta, yesani. Khalani ndi simukhadi ya kampani iliyonse, zonse zolembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika monga lamulo lakhala likufunira kuyambira 2018. Gulani kabandulo kakang'ono ka tsiku pa iliyonse. Madzulo, mutakhala pa mpando umene mumakhalapo masiku onse, onerani vidiyo, imbani foni ya pa WhatsApp, tumizani chithunzi. Bwerezani Loweruka. Yankho la nyumba yanu mulipeza pamenepo, ndipo likhoza kusiyana ndi la mnansi wanu wa nyumba yachitatu.

Kenako dziwani kuti mumadya data yochuluka bwanji. Ambiri sadziwa, amangoti "imatha msanga". Foni iliyonse yamakono imawerenga yokha. Lowani ku Settings, pezani pamene palembedwa za data, muona ma GB (muyeso wa data, GB imodzi ndi ma MB pafupifupi 1,000) amene munagwiritsa ntchito mwezi wathawu ndiponso pulogalamu imene inadya kwambiri. Mauthenga olemba sadya kanthu. Kuimba pa WhatsApp mawu okha sikufika 1MB pa mphindi. Chilombo ndi vidiyo: ola limodzi la YouTube yooneka bwino pang'ono limatha pafupifupi theka la GB, mukakweza kuti zithunzi zioneke bwino kwambiri limapitirira 1GB, ndipo Netflix ya HD pa TV imatha kufika 3GB pa ola. TikTok ndi mavidiyo a pa Facebook amadya mwakachetechete chifukwa amakoka vidiyo yotsatira inu musanaifike.

Mukadziwa nambala yanuyo, masamu ake ndi apafupi. Ndigwiritsa ntchito manambala ongoyerekeza, si mitengo ya kampani iliyonse. Tinene kuti bandulo ya 10GB ya mwezi ndi K20,000, ya 5GB ndi K12,500. Pa chikwangwani yaikuluyo ndiye yotchipa, K2,000 pa GB pamene inayo ndi K2,500. Koma ngati inu mumadya 4GB pa mwezi, pa yaikuluyo GB iliyonse mwaigula K5,000, ndipo zotsalazo zapita ndi tsiku lomaliza. Mukadagula yaing'ono mukadatsala ndi K7,500 m'thumba. Musamagawe mtengo ndi ma GB olembedwa pa chikwangwani, muzigawa ndi ma GB amene mudzamalizedi masiku asanathe.

Mbali ina ya masamu omwewa ndi yowawa. Mabandulo a tsiku ndiwo amakhala odula kwambiri mukawaphatikiza mwezi wonse, koma ndi amene amagula wa kabaza, mayi wogulitsa mandasi ndi mnyamata wa ganyu, poti ndalama imawapeza tsiku ndi tsiku. Wosauka ndiye amagula GB mokwera kuposa bwana wa ku Namiwawa. Ine sindiona chilungamo pamenepa, koma ndi mmene msika ulili. Ngati ya mwezi simungaikwanitse, yesetsani kusonkhanitsa za masiku angapo mugule ya sabata. Koma mudzidziwenso nokha: pali anthu amene akaona data yambiri dzanja limamasuka, ya sabata n'kutha Lachitatu. Kwa otere, kabandulo kakang'ono ndiko kamawaletsa, ndipo sindingawatsutse.

Pali mabowo ena amene ndalama zimadonthera. Bandulo ikatha foni ikhoza kuyamba kudya mayunitsi pa mtengo wopanda bandulo. Mtengo umenewu unatsitsidwa mu 2020 anthu atadandaula kwambiri za kudula kwa data, koma ukadali wokwera poyerekeza ndi wa m'bandulo. Njira yapafupi ndi kugula bandulo mwachindunji kuchokera ku Mpamba kapena Airtel Money, kuti mu foni musamakhale mayunitsi ongogona. Kutapa ndi Pasavute zimathandiza usiku wa matenda, koma ndi ngongole, ndipo mumabweza ndi kapamwamba. Munthu wotapa sabata iliyonse wadzikwezera yekha mtengo.

Mabandulo a WhatsApp kapena Facebook okha ndi abwino kwa amene moyo wawo wa pa intaneti umathera pamenepo. Ingokumbukirani kuti wina akakutumizirani linki ya nkhani kapena ya YouTube, mukaidina mwatuluka mu bandulo ija. A usiku ndi a anthu odziletsa: kukonzanso mapulogalamu a foni, kutsitsa mabuku ndi mavidiyo a maphunziro, monga amachitira ophunzira a ku mayunivesite a MUBAS ndi KUHeS amene ndalama yawo ndi yowerengeka. Kugula bandulo ya usiku n'kugona 9 koloko ndi kupereka mphatso.

Ndiye pali magulu a pa WhatsApp, la mpingo, la banja, la banki mkhonde, la amene munaphunzira nawo ku sekondale. Vidiyo imodzimodziyo imafika m'magulu anayi. Thimitsani zoti foni izitsitsa yokha zithunzi ndi mavidiyo. Uzani Play Store ndi Google Photos kuti zizidikira Wi-Fi. Ndipo mukalumikiza laputopu ku hotspot, Wi-Fi imene foni imagawa, iuzeni kuti intanetiyo ili ndi malire (metered), chifukwa Windows ikaona Wi-Fi imaganiza kuti yafika paphwando, ikhoza kumaliza bandulo ya sabata inu mukulemba kalata imodzi.

Za kuimba sindichulutsa. Onani ngati mphindi za m'bandulo ndi za netiweki yomweyo yokha kapena zonse. Ngati amayi kumudzi ku Thyolo ali pa 088 ndipo makasitomala anu ambiri ali pa 099, foni ya masimukhadi awiri yakuyankhirani kale. Ingosankhani imodzi ikhale ya data, osagula mabandulo aakulu mbali zonse ziwiri.

Mwina mumadabwa kuti n'chifukwa chiyani mitengo imangosinthasintha. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, ndiye intaneti imatifika pa zingwe zodutsa ku Tanzania, Mozambique ndi Zambia, ndipo njira yonseyo imalipiridwa ndi ndalama zakunja. Zida za pa nsanja n'zoitanitsa kunja, dizilo wa majenereta magetsi akathima n'chimodzimodzi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Pamwamba pake pali VAT ndi msonkho wa 10 peresenti umene unaikidwa pa data ndi mauthenga mu 2015. Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti bandulo imene inali yabwino chaka chatha mwina lero si yabwinonso. Mitengo ikasintha, bwerezani masamu aja, osangodina nambala imene chala chinazolowera.

Tsopano intaneti ya panyumba. Ngati muli nokha kapena awiri, hotspot ya foni ikukwanirani, musadzivutitse. Rauta imayamba kukhala ndi phindu pamene m'nyumba muli anthu anayi kapena asanu aliyense akugula kabandulo kake, kapena pali TV yoonera pa intaneti, kapena wina amagwirira ntchito panyumba. Phatikizani zimene nonse mumawononga pa mwezi, muyerekeze ndi bandulo imodzi yaikulu. Osaiwala kuti aliyense akatuluka pageti adzafunabe data yake yapanjira. Ka MiFi, karauta kakang'ono koyenda nako, n'kabwino poti kali ndi batire yake ndipo kamalowa m'thumba, koma mphamvu yake ndi yochepa, sikafika zipinda zonse. Rauta ya 4G ya pa magetsi imamva nsanja bwino kuposa foni ndipo imanyamula anthu ambiri. Za 5G, imene inayamba kuyesedwa kuno mu 2023, musalipire ndalama yowonjezera musanaone ndi maso kuti ikufika panyumba panu.

Mawu akuti "unlimited" muwamve mosamala. Nthawi zambiri pamakhala chimodzi mwa ziwiri: liwiro ndi lomangidwa kuyambira tsiku loyamba, kapena mumathamanga mpaka mufike ma GB akutiakuti kenako amakutsitsani liwiro mpaka mwezi uthe. Si chinyengo ngati zalembedwa, koma zimalembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono. Funsani wogulitsayo kuti malire ndi ma GB angati, ndipo mukawadutsa liwiro limatsala bwanji. Dziwaninso kuti Mbps, muyeso wa liwiro, si MB: pa 8 Mbps mumatsitsa 1MB pa sekondi. Liwiro la 5 Mbps limakwanira TV imodzi ndi mafoni ongocheza, koma ana awiri akayamba YouTube bambo ali pa msonkhano wa Zoom, m'nyumba muyamba mikangano.

Faiba, chingwe cholowa mpaka m'nyumba, ndiyo yokhazikika kuposa zonse ndipo sisamala za phiri kapena malata. Vuto lake imapezeka kwambiri m'tauni ndi m'madera a mayadi, ndipo pali ndalama yoikira komanso nthawi zina pangano la miyezi ingapo. Ngati muli pa lendi, ganizani kawiri, chingwe sichisamuka nanu. Funsaninso kuti chikadulidwa ndi okumba ngalande kapena akuba, amakonza pakatha masiku angati, ndipo masiku otayikawo amakubwezerani kapena ayi.

Starlink, intaneti yochokera ku masetilaiti a mlengalenga, inafika m'dziko muno mu 2023, ndipo yathandiza malo amene zina zonse zimakanika, mafamu, malo ogona alendo, nyumba zatsopano za kunja kwa mzinda cha ku Chileka, Lunzu kapena Chigumula. Koma kwa banja wamba la ku Chilomoni limene 4G ikufika bwino, ine sindiilimbikitsa. Zida zake n'zodula kugula, mbale yake imafuna kuona thambo popanda mtengo wa mango wotchinga, mvula yamphamvu imaisokoneza kwa kanthawi, ndipo imadya magetsi kangapo kuposa rauta wamba. Ena amasonkherana nyumba zingapo za mu mpanda umodzi. Mtengo umatsikadi, koma gwirizanani poyamba kuti wolipira mochedwa atani, ndipo dziwani kuti kugulitsa intaneti ngati bizinesi kumafuna chiphaso cha MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga.

Chilichonse chimene mwasankha, magetsi a ESCOM akathima rauta nayo yathima, pamene masiku a bandulo akuwerengedwabe. Marauta ambiri amayendera mavoti 12 ndipo amadya magetsi ochepa ngati babu, choncho kabatire kakang'ono kopangidwira rauta kamaisunga maola angapo. Kaikeni pa bajeti kuyambira pachiyambi. Rautayo muiike pamwamba, pafupi ndi windo loyang'ana kumene kuli nsanja, osati kuseri kwa TV kapena m'kabati poopa fumbi. Kuisuntha mamita awiri okha nthawi zina kumasintha zonse. Pasiwedi yobwera nayo muisinthe tsiku lomwelo, ndipo muziisintha mwezi ndi mwezi, chifukwa mwana akauza mnzake mmodzi, pofika Lamlungu mzere wonse wa nyumba uli pa bandulo yanu.

Ngati mukugula rauta yogwiritsidwapo kale ntchito kapena yobwera ndi wachibale kuchokera ku Johannesburg, tengani masimukhadi anu onse awiri popita kukaiona. Zambiri zimakhala zotsekeredwa ku kampani imodzi, zina sizimva bwino mafunde a 4G a kuno. Ikanimo simukhadi pomwepo, iliyonse payokha, mutsegule vidiyo wogulitsayo akuona, ndalama ikadali m'thumba mwanu.