Ogasiti wa 1964 ku Lundazi, ndi mayi amene panalibe pa bwalo

Ogasiti akafika, ku Lundazi kudakali nkhalamba zimene zimangoti "nthawi ya Lenshina" n'kukhala duu. Ndazikumbukira pomva mkangano wa pa wailesi kuno ku Chipata, wakuti amayi akachuluka m'ndale ziwawa zimachepa.

Alice Lenshina, wa ku Chinsali, adayambitsa mpingo wa Lumpa ataona masomphenya mu 1953, ndipo udafalikira mpaka ku Lundazi. Udani ndi UNIP, chipani cha Kenneth Kaunda, udakulira pa kapepala, khadi la chipani. A Lumpa ankalikana, ena n'kuliwotcha. Anyamata a chipani nawo ankawotcha nyumba ndi matchalitchi awo. Apa a Lumpa adasamuka m'midzi n'kumanga misasa yawoyawo ya mipanda, popanda chilolezo cha mafumu.

Ine ndimaona kuti zidafika poipa mu Julayi 1964, pamene boma la Kenneth Kaunda, yemwe anali nduna yaikulu, lidalamula kuti misasayo iphwasulidwe, aliyense abwerere kwawo. Kwawo kuti, poti kumeneko n'komwe adawatenthera nkhokwe? Asilikali adabwera ndi mfuti, a Lumpa atagwira mikondo ndi nkhwangwa. Koma asatinamize munthu kuti a Lumpa anali nkhosa: pa 3 Ogasiti adaukira boma la Lundazi ndi midzi yozungulira, n'kupha anthu ambirimbiri. Patangopita masiku ochepa, anthu olusa adabwezera pa msasa wa Paishuko, n'kupha a Lumpa 46, amayi ndi ana omwe.

Boma lidawerenga akufa oposa 700 pa nkhondo yonseyi. Olemba mbiri ena amati adapitirira 1,000. Ine ndimapendekera kwa achiwiriwa, chifukwa wofera m'tchire akuthawa samalowa m'kaundula.

Nanga amayi anali kuti? Ankaphikira misonkhano ya chipani ndi kuimba nyimbo zake, komanso ndiwo ankadzaza mabenchi a Lumpa. Koma pa chisankho cha Januwale 1964 adapambana amayi atatu okha pa mipando 75 ya m'nyumba ya malamulo, mmodzi wa iwo Margret Mbeba wa ku Kazimuli kwathu kuno. M'nduna munalibe mayi. Sindinganene kuti akadakhalamo mfuti sizikadalira. Lenshina mwini anali mayi, ndipo anthu ake adapha. Chokhacho, lamulo la misasa lija adaligamula opanda wina wodziwa chimene chimatanthauza kuchoka ndi mwana kumsana chimanga chili m'nkhokwe.

Lenshina adadzipereka ku boma mu Ogasiti momwemo. Sadamuzenge mlandu wa nkhondoyo, ndipo adamwalira mu 1978 ku Lusaka, ali pa ukaidi wosachoka panyumba.