Nthiti za nkhumba mu pressure cooker: madzi ochepa, ndipo musakakamize chivindikiro

Dandaulo limakhala lomweli nthawi zonse: "Ndinaphika nthiti mu pressure cooker koma zinatuluka zotuwa, zosakoma, nyama yonse itanyenyeka." Ndikafunsa za madzi, akuti anathira mpaka nyama inamira. Nthawi? Ola lathunthu. Abale anga, poto ameneyu amaphika ndi nthunzi yotsekeredwa, safuna chidebe cha madzi. Mu poto wamba madzi owira sapitirira madigiri 100, koma muno kutentha kumafika pafupifupi 120. N'chifukwa chake mitsempha ya m'nthiti, imene pa mbaula ingakudyereni maola awiri ndi makala ambirimbiri, imafewa m'mphindi 25 kapena 30 zokha. Kilogalamu imodzi ndi theka ya nthiti, yokwanira banja lonse, imafuna kapu imodzi kapena imodzi ndi theka ya madzi. Oposera apo amangotsuka kukoma kwa nyama.

Kuseri kwa nthiti kuli kachikopa koyera kopyapyala. Kasomphoneni ndi nsonga ya mpeni, kagwireni ndi kansalu, kasendeni konse. Kakatsala, mchere sulowa ndipo ana amangokalavula. Pakani mchere, adyo, jinja ndi tsabola, muimike nthitizo chozungulira m'mbali mwa poto. Nthawi muyambe kuwerenga poto akayamba kulira, osati pomwe mwamutereka, ndipo akangolira chepetsani moto. Uchi, shuga ndi tomato sosi zisalowe mu potomo chifukwa zimapserera pansi nthunzi isanakwane. Zimenezo mudzapake nthiti zikapsa, n'kuziwotcha pa makala kapena mu uvuni kwa mphindi zosapitirira 10 kuti zifiire. Msuzi wotsala mu poto, mukauyengula mafuta n'kuthiramo anyezi ndi tomato, ndi wodyera nsima.

Koma zonsezi n'zazing'ono. Nthiti zikalakwika mudzaphika zina. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi chivindikiro.

Mtsikana wina amene ndinkamuphunzitsa kuphika ali ndi zipsera kuyambira pachibwano mpaka pachifuwa. Anali kunyumba, alendo atafika kale, nsima itapsa, ndipo nthiti zinali zikadali mu poto. Chivindikiro chitakana, anachipanikiza ndi mphamvu zake zonse mpaka chinatseguka. Msuzi wa mu poto wotere umakhala wotentha kuposa madzi owira, ndipo mukautsegulira mwadzidzidzi umaphulika n'kudumphira kumaso. Msuzi wa nkhumba ndi wamafuta, umakanirira pakhungu. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti a pakhomo anamupaka mankhwala otsukira mano ndi dzira laliwisi, n'kugona naye kunyumba masiku angapo. Anafika kuchipatala bala litayamba mafinya. Ankangofunika kudikira mphindi 10 kapena 15 kuti nthunzi itsike yokha, ndipo kudikira komweko ndi kumene kumasiya nyama ili yofewa, yosauma. Chivindikiro chikakana, ndiye kuti mkati mukadali nthunzi. Chisiyeni.

Munthu akapsa, thirani madzi ozizira oyera pamalopo kwa mphindi 20, vulani mphete ndi zibangili pasanatupe, phimbani ndi nsalu yoyera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Makamaka ngati ndi mwana, kapena wapsa kumaso, m'khosi kapena m'manja. Mafuta ophikira, phulusa, dzira, zonsezo ayi.

Tsono pali anzathu okhoma zidebe ndi okonza mapoto m'misika. Ntchito yawo amaidziwa, koma poto uyu si wawo. Ndaonapo kangapo poto amene kabowo kake kotetezera ngozi anakatseka ndi bawuti, mwini wake akusangalala kuti tsopano "sakutayanso mpweya". Kabowo kameneko ndi kamene kamatulutsa nthunzi pamene njira yaikulu yatsekeka ndi mafuta kapena kachidutswa ka nyama. Mukakatseka, nthunzi ilibenso kolowera. Labala ya pachivindikiro ikauma kapena kung'ambika, gulani ina ya saizi yake ya poto wanuyo. Osaimata ndi guluu, osaikulunga ndi labala ya chubu cha njinga. Ngati simukuipeza, phikani mu poto wamba. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene mumagula mapoto ogwiritsidwa kale ntchito, opanda kabuku ka malangizo.

Musanatereke, kwezani chivindikiro moyang'ana kuwala muone ngati kabowo ka nthunzi kali kotseguka. Poto asadzaze kupitirira magawo awiri mwa atatu.

Ndipo pogula nthitizo, uzani wogulitsa acheke nyama mukuona. Mukaona timatuza toyera ngati njere za mpunga, timene ambiri amati masese, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Amenewo ndi ana a njoka za m'mimba, ndipo poto wanu sindiye wokonzera nyama imene inayenera kutayidwa.