Kuyenda ndi Ana Aang'ono Mosawatopetsa: Uthenga kwa Makolo a M'chigawo cha Tete

Mwana wa zaka ziwiri akadzigwetsa pansi pakati pa msika wa ku Ulongwe n'kumalira mokuwa mpaka anthu kucheuka, ambiri amafulumira kunena kuti ndi mwano kapena kuti amayi ake amamusasatitsa. Kawirikawiri sizikhala choncho. Mwanayo amakhala atapanikizika mu chapa (minibasi) yodzaza, atamva phokoso la zimkuzamawu, mahutala ndi njinga zamoto kwa maola angapo, ndipo nthawi yake ya phala ndi ya tulo imakhala itadutsa kalekale. Ubongo wa mwana wamng'ono sunakhwime moti n'kutha kusankha choti amvetsere ndi choti achinyalanyaze monga amachitira munthu wamkulu, komanso mawu onenera kuti watopa alibe, n'chifukwa chake amangolira.

Kulira kotereku kusanayambe, mwana amaonetsa zizindikiro zimene kholo latcheru lingazione msanga. Amatikita maso, amayasamula, amabisa nkhope pachifuwa cha amayi ake, amatseka makutu ndi manja, kapena amakana chakudya chimene masiku onse amachikonda. Mukaona zimenezi, chokani naye pagulu, mukakhale pamthunzi, mumuyamwitse kapena kumupatsa madzi, ndipo mumuyankhule motsitsa mawu. Kumukalipira kapena kumukwapula kumangowonjezera mantha pa kutopa kumene ali nako kale. Khanda lisagwedezedwe mwamphamvu ngakhale kamodzi, chifukwa kutero kungathe kuvulaza ubongo wake mpaka kulipha, ndipo ngati inuyo mwapsa mtima, ndi bwino kulipereka kwa abambo ake, azakhali kapena agogo kufikira mtima wanu utakhala pansi.

Ulendo woyenera mwana wamng'ono ndi waufupi, wapafupi ndi kunyumba, ndiponso wopita malo amodzi okha. Sufuna ndalama. Kudimba, pansi pa mtengo wa mango kapena wa mlambe, pabwalo la sukulu tsiku limene ana sakuphunzira, ngakhale kukhonde kwa agogo, ndi malo okwanira. Kumeneko mwana amanjuta n'kuyamba kutsatira mzere wa nyerere, amatola timiyala n'kumatiponya m'chitini, ndipo abambo ake, m'malo momufulumizitsa, amanjuta naye limodzi n'kumamuuza mayina a zimene akuona: iyi ndi nyerere, ili ndi tsamba, uyu ndi gulugufe. Mwana amaphunzira kuyankhula kudzera m'macheza otere, pamene iye akuloza chinthu wamkulu n'kumuyankha. Musanabwerere, muuzeni kuti mwatsala pang'ono kupita kunyumba, chifukwa mwana amene wangonyamulidwa mwadzidzidzi ali pakati pa masewera ndiye amavuta kwambiri.

M'chaka cha 2019, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo onena kuti mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 4 azisewera ndi kuyendayenda kwa mphindi zosachepera 180 patsiku, ndiponso kuti asamangidwe malo amodzi kupitirira ola limodzi panthawi imodzi, ngakhale pamsana. Izi sizikutanthauza kuti kubereka mwana n'koipa, chifukwa pamsana pa amayi ake ndi pamene mwana amamva kuti ndi wotetezeka. Chofunika n'chakuti mukafika pamalo abwino, mumasule nsalu, muyale mphasa, mumutsitse kuti awongole miyendo. Malangizo omwewo akuti khanda ndi mwana wa chaka chimodzi asamaonere kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Choncho foni isakhale chotontholetsera mwana paulendo. Tulo nato tisamalidwe, chifukwa mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri amafunika kugona maola 11 mpaka 14 patsiku, kuphatikizapo tulo ta masana, ndipo ulendo ukonzedwe motsatira nthawi imeneyi.

Nkhani ya kutentha ndi yaikulu kuno kwathu. Mumzinda wa Tete, ku Moatize ndi m'madera ena a m'chigwa cha Zambezi, kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo thupi la mwana limatentha msanga kuposa la munthu wamkulu. Nyamukani m'mamawa n'kubwerera dzuwa lisanakwere, kapena dikirani lipendeke. Mwana avale zopepuka ndi chipewa, ndipo asasiyidwe m'galimoto yotseka ngakhale kwa kanthawi kochepa. Tengani madzi owiritsa kapena othira mankhwala oyeretsera madzi a Certeza, koma khanda losakwana miyezi 6 lisapatsidwe madzi, lizingoyamwitsidwa pafupipafupi. Kumapiri a ku Angónia ndi ku Tsangano vuto ndi kuzizira kwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi, kotero kumeneko juzi isaiwalike. Pokonza kamba wapaulendo, nthochi kapena mbatata yophika ndi yabwino, koma masau ndi mtedza wosasinja zingathe kutsamwitsa mwana wamng'ono.

M'mbali mwa madzi mumaoneka mwabata ndipo mumakopa mabanja ambiri, koma mtsinje wa Zambezi ndi damu la Cahora Bassa muli ng'ona ndi mvuu, ndipo mwana angathe kumira mwakachetechete ngakhale m'madzi osaya. Madzi a m'madambo ndi m'mitsinje yoyenda pang'onopang'ono amakhalanso ndi nkhono zimene zimafalitsa likodzo. Mwana aonere madzi ali patali atagwiridwa dzanja, ndipo ntchito yomuyang'anira isasiyidwe m'manja mwa mwana mnzake. Bwererani kunyumba chisisira chisanagwe, popeza udzudzu wofalitsa malungo umaluma kuyambira madzulo mpaka m'bandakucha, ndipo usiku mwanayo agone m'neti.

Mwana amene wangotopa amatonthola akapuma, akadya ndi kugona. Koma ngati watentha thupi, akusanza chilichonse, akukana kuyamwa kapena kumwa, maso kapena liwombo lalowa m'kati, watha maola ambiri osakodza, akupuma mobanika, akukomoka kapena akuvuta kudzutsa, kumeneko sikutopa ayi. Mumuchotse padzuwa, mumuvule zovala zolemera, mupitirize kumuyamwitsa ngati akutha kuyamwa, ndipo muthamangire naye kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, khadi lake lakusikelo mutalitenga.