Carham: kamudzi kamene nkhondo inakasiya pamalire

Nkhani yoti Scotland idziyimire payokha sinathe, ngakhale pa riferendamu ya 2014 anthu 55 mwa 100 alionse adakana. Ikangoyambiranso, anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Tweed, umene mbali yake ina ndi malire a England ndi Scotland, amafunsa kuti malire akadzakhwima adzawoloka bwanji. Carham ndi kamudzi ka m'mbali mwa mtsinjewu, m'chigawo cha Northumberland, tsidya la England, nyumba zowerengeka ndi tchalitchi cha St Cuthbert. Matauni apafupi, Coldstream ndi Kelso, onse ali ku Scotland.

Kalelo Tweed sunali malire. Ufumu wa Northumbria unkafika kumpoto mpaka ku Firth of Forth, kumene kuli mzinda wa Edinburgh, ndipo a tsidya lino ndi a tsidya lija anali amodzi. Zinthu zidatembenuka pamene Malcolm II, mfumu ya Scotland, mothandizana ndi Owain, mfumu ya Strathclyde, adamenyana ndi asilikali a Northumbria pa Carham pomwepa. Symeon, mmonke wa ku Durham wolemba mbiri, akuti chinali chaka cha 1018, ndipo nyenyezi ya mchira idaoneka usiku kwa masiku 30 nkhondo isanayambe. Akuti pafupifupi onse amene adasonkhanitsidwa kuchokera ku mtsinje wa Tees mpaka ku Tweed adathera pomwepo, pamodzi ndi akuluakulu awo, ndipo Bishopu Aldhun wa ku Durham atamva adasweka mtima, osakhalitsa n'kumwalira. Ambiri mwa ophedwawo ayenera kuti anali alimi wamba, koma mayina awo palibe adawalemba.

Pa chaka pali mkangano. Zolembedwa zina za ku Durham zimati Uhtred, wolamulira Northumbria, ndiye adatsogolera Angerezi, pamene buku lakale la mbiri lotchedwa Anglo-Saxon Chronicle limasonyeza kuti iyeyu adaphedwa mu 1016. Ndiye mwina nkhondo idachitika mu 1016, kapena wotsogolera anali mbale wake Eadwulf Cudel, amene amanenedwa kuti adapereka kwa Scotland dera la Lothian, la kumpoto kwa Tweed, chifukwa cha mantha. Symeon adalemba patapita zaka pafupifupi 100, ndipo mtima wake unali pa chuma cha tchalitchi chake. Komabe ine ndimatsamira ku 1018, chifukwa imfa ya bishopu uja imagwirizana ndi nthawiyo. Malo enieni omenyanirapo sakudziwika mpaka lero.

Akatswiri ena amati Lothian idali kale m'manja mwa Scotland kuyambira masiku a mfumu Edgar ya England, m'ma 970, choncho Carham idangotsindika zimene zidachitika kale. Zingakhale choncho. Koma kwa banja la munda kuno ndi abale kutsidya, kutsindikako ndiye kudali kowawa.

Pangano la York la 1237 lidakhazikitsa malirewo, ndipo padatsatira zaka mazana za kuberana ng'ombe ndi kuwotcherana midzi, zimene zidayamba kuzilala James VI, mfumu ya Scotland, atakhalanso mfumu ya England mu 1603. Chakumadzulo pang'ono kwa Carham malire amachoka mumtsinje n'kulowa m'minda kulunjika ku mapiri a Cheviot.